Tifunseni: Ma rodi owotcherera, kagulidwe ndi kasungidwe kake

FUNSO: Akulu, ine ndangoyamba kumene zowotcherera, ndinagula kamakina ka inveta. Vuto langa ndi loti ndikapita kogula ma rodi amandifunsa kuti mukufuna 6013 kapena 7018, nde ine ndimangoti ndipatseni alionse abwinowo. Manambala amenewa amatanthauza chani kwenikweni? Ntchito zanga ndi mageti, mafelemu a mawindo ndi timatebulo. Ndine wophunzira.

YANKHO: Achimwene, mawu oti "alionse abwino" muwasiye kuyambira lero, wogulitsa adzangokupatsani omwe akhalitsa pashelefu. Waya wamkati mwa 6013, 6011 ndi 7018 ndi pafupifupi umodzimodzi, chitsulo wamba basi, chomwe mumalipira ndalama ndi chikutiro chakunjacho, chija amati fulakisi. Chimenecho chikamapsa chimatulutsa utsi wotchinga chitsulo chosungunuka kuti mpweya usalowemo, ndipo ndi chomwecho chimasanduka khoko lija mumagogoda mukamaliza. Munthu amene anatchuka poyambitsa zokutira ma rodi ndi Oscar Kjellberg wa ku Sweden, yemwe anakhazikitsa kampani ya ESAB mu 1904, ndipo mukaona rodi yawo yolembedwa OK ndi zilembo zoyamba za dzina lake zimenezo.

Manambala aja anakonza ndi bungwe la ku America la zowotcherera, American Welding Society (AWS). E yolembedwa kutsogolo kwa nambala, monga E6013, ikutanthauza kuti ndi rodi yamagetsi. Manambala awiri oyamba ndi mphamvu ya pomwe mwawotcherera: 60 ndi 60,000 psi, 70 ndi 70,000 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu yomwe chitsulo chimapirira pochikoka chisanaduke). Yachitatu ndi kakhalidwe ka ntchito, 1 ndiye kuti paliponse, pansi, chopingasa, chokwera ngakhale pamwamba pa mutu, pomwe 2 ndi yapansi ndi yopingasa yokha, nde mukagula 7024 musakayese kukwera nayo chipilala idzangoyenderera. Yomaliza imanena mtundu wa chikutiro ndi magetsi omwe imafuna, AC (osinthasintha mbali) kapena DC (oyenda mbali imodzi).

Pa ntchito mwatchulazo tengani 6013 musazunguzike. Imayaka mosavuta, imayenda pa AC ndi pa DC pomwe, siboola kwambiri ndiye machubu opyapyala a mageti siwatha, komanso khoko lake limachoka lokha ngati mwaika moto bwino. Ena amainyoza kuti ndi rodi ya ophunzira koma ine sindigwirizana nawo, pa chitsulo chopyapyala ndi choyera imagwira bwinobwino. Kulakwa kwake ndi kumodzi, imakonda kutsekera khoko mkati mwa joini makamaka m'makona mukamathamanga kapena moto ukachepa, kunja kumaoneka kosalala mkati muli zinyalala.

Saizi nayonso muziyang'ana. Pa machubu opyapyala 2.5 mm ndi yokwana, moto wake cha m'ma 60 mpaka 90 ampu. Ya 3.2 mm imafuna cha m'ma 90 mpaka 130, ya 4.0 mm ndi ya zitsulo zochindikala ndipo kamakina kakang'ono kadzangotentha nkuzima. Pabokosi amalemba moto woyenera, yambirani pakati penipeni kenako muzikweza kapena kutsitsa mukuona mmene ikupsera. Ikamamata ndiye kuti moto wachepa, ikamafiira musanafike pakati ndiye kuti wachuluka.

FUNSO: Ine ndawotcherera zaka zambiri ndi 6013. Ndapatsidwa ntchito yokonza chokokera cha thirela, anzanga anati ndigwiritse 7018. Ndinali ndi bokosi lomwe ndinatsegula kalekale, lakhala pansi mu shopu. Zikuthetheka kwambiri, pamwamba pakutuluka timabowo ngati pabooledwa ndi singano. Ndi dzanja langa kapena ma rodi?

YANKHO: Bambo, anzanuwo sananame, chokokera thirela chimafunadi 7018. Koma bokosi limenelo musaligwiritse pa ntchito imeneyi chonde, ndipo pomwe mwawotcherera kale mupaperese ndi girayinda mpaka pathe muyambirenso.

Nkhani yake ili apa. 7018 inapangidwa kuti isalowetse mpweya wa haidrojeni mu chitsulo, ndi chifukwa chake imadaliridwa pa milatho, zitsulo zochindikala ndi zonyamula katundu wolemera. Tsoka lake chikutiro chake chimayamwa chinyezi cha mu mpweya ngati choko. Madzi aja akalowa m'moto wowotcherera amagawanika, haidrojeni nkulowa mu chitsulo chosungunuka, ina imatuluka nkusiya timabowo mukuonato, ina imatsalira mkati. Timabowo ndi nkhani yaing'ono poti mumationa. Yoopsa ndi yotsalirayo, chifukwa imabweretsa ming'alu chitsulo chitazizira kale, mwina patapita maola, mwina masiku awiri, mwini thirela atanyamula kale katundu ali pamsewu. Ndipo rodi ikhoza kuoneka youma bwinobwino m'manja koma itamwa kale chinyezi chokwanira kuchita zimenezi.

Malamulo a AWS D1.1, omwe amatsatidwa pomanga ndi zitsulo, amati 7018 wamba ikachoka m'paketi yomata isakhale pamtunda kupitirira maola 4. Yotsala imasungidwa mu uvuni wa ma rodi pa madigiri 120 Celsius kapena kuposerapo. Ikapitirira nthawi imeneyo imafunika kuumitsanso pa moto waukulu, pakati pa madigiri 260 ndi 430 kwa maola osachepera awiri, ndipo amalola kuchita zimenezo kamodzi kokha. Yomwe inanyowa ndi madzi enieni amati tayani basi. Muone kusiyana kwake apa poti ambiri amasokoneza: madigiri 120 ndi osungira rodi youma kale kuti isamwe chinyezi, sachotsa chomwe chinalowa kale.

Nde ngati mulibe uvuni mutani? Gulani paketi yaing'ono yomata, ija yopopedwa mpweya kapena ya m'chitini, mutsegule tsiku la ntchito, mumalize tsiku lomwelo. Zotsala muzidzaphunzirira dzanja kapena kuwotcherera zinthu zosanyamula moyo wa munthu. Pogula muthanso kuona zilembo zakumapeto, monga E7018 H4R. H4 ikunena kuti haidrojeni sapitirira mamililita 4 pa magalamu 100 a chitsulo chowotchereredwa, R ikunena kuti chikutiro chake chimachedwa kumwa chinyezi, koma kuchedwa kokha, sikuti sichimwa.

Dzanja lanu nalo lisinthe pang'ono. 7018 imafuna moto waufupi, nsonga pafupi kwambiri ndi chitsulo, mukaitalikitsa ngati mmene mumachitira ndi 6013 timabowo tibwera ngakhale rodi ili yatsopano. Chotsani dzimbiri, penti ndi girizi kaye. Pa inveta holda (chogwirira rodi) ikhale ku + ndipo ethi (waya wopanitsa pa chitsulo) ku -. Ngati makina anu ndi aja akale a thiransifoma a AC okha, ambiri ang'onoang'ono voteji yawo yoyatsira ndi yochepa ndiye 7018 wamba imangozimazima, funani yolembedwa kuti ndi ya AC.

FUNSO: Ndinamva kuti ma rodi onse ndi bwino kuwasunga mu firiji yakufa, mkati nkuikamo babu kuti muzitentha. Ndili ndi 6011, 6013 ndi 7018 pang'ono. Ndiziike zonse pamodzi?

YANKHO: Ayi achemwali, pamodzi ayi. Firiji ndi babu ndi nzeru yakale ndithu ndipo kwa 6013 imathandiza, poti iyo imangofuna malo ouma ofundira pang'ono. Koma babu singafikitse madigiri 120, nde 7018 yokhala mmenemo musamaione ngati yasungidwa mwalamulo. Mababu a LED a masiku ano ndiye kaya, satentha nkomwe.

6011 ndi mnzake 6010 nkhani yawo ndi yotembenuka. Chikutiro chawo ndi cha selulosi, yochokera ku mitengo ngati pepala, ndipo chimapangidwa dala ndi kachinyezi pang'ono mkati, kameneko ndi komwe kamathandiza kuti moto ukhale waukali woboola mpaka pansi pa joini, chifukwa chake amazikonda pa mapaipi ndi pa zitsulo zadzimbiri zokonzakonza. Mukaziumitsa mu uvuni mwaziwononga, zimayamba kupsa mbali imodzi, chikutiro nkumathothoka. Choipa china mukazitsekera malo amodzi ndi 7018, chinyezi chawo chimasamukira kwa 7018 ija, zonse ziwiri nkuluza. Zisungeni pazokha m'chubu chapulasitiki chotseka bwino, pa kutentha wamba kwa m'nyumba. Mudziwenso kuti 6010 ndi ya DC yokha ndipo ma inveta ambiri ang'onoang'ono amalephera kuiyendetsa, 6011 ndi yomwe imalola AC.

Zina ndi zodziwikiratu koma anthu amazichitabe. Bokosi lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, liikeni pashelefu. Musasunge pafupi ndi oilo ndi girizi. Musamaponye bokosi potsitsa, chikutiro chikang'ambika rodi imeneyo yatha ntchito, ndipo zija zopinda rodi kuti ifike pakona zimathyola chikutiro pomwe mwapindapo. Mtundu uliwonse chubu chakechake ndipo mulembe dzina panja, poti nambala ya pa rodi imafufutika. Yakale muziyamba kumaliza. Mukaona waya wachita dzimbiri kunsonga, kapena chikutiro chatuwa ngati chathiridwa ufa woyera, kapena chikunyenyeka mukachikanda ndi chikhadabo, imeneyo musaidalire. Akale amagwedeza ma rodi angapo m'manja, ouma amalira ngwee, onyowa amalira mogonthera, njira imeneyi imagwira pa zonyowa kwambiri zokha.

FUNSO: Kodi 6013 ingawotcherere sinki ya sitenilesi, nanga chitsulo cha kasiti chosweka ngati cha pampu yamadzi?

YANKHO: Kugwira igwira, koma muchita manyazi pambuyo. Pa sitenilesi mzere wonse uchita dzimbiri ndipo utha kusweka. Masinki ambiri ndi a sitenilesi ya 304, rodi yake ndi E308L, ya 316 imafuna E316L, ndipo ngati mukulumikiza sitenilesi ku chitsulo wamba tengani E309L. Moto muchepetseko poyerekeza ndi 6013 ya saizi yomweyo chifukwa rodi ya sitenilesi imafiira msanga, komanso sinki ndi yopyapyala kwambiri nde muzingodontheza pang'onopang'ono. Nazo zimadana ndi chinyezi, zisungeni motseka.

Kasiti ali ndi kaboni wambiri, mukamuwotcherera ndi 6013 pamauma gwa nkumveka "thi" pozizira, wang'aluka pambali pa mzere. Amafuna rodi ya nikelo, ENi-CI kapena ENiFe-CI. Ndi zodula, gulani zowerengeka. Boolani kabowo kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, wotchererani timizere tatifupi cha m'ma 2 mpaka 3 cm, kenako muzigogoda pang'onopang'ono ndi hamala kadakali kotentha musanapitirize, pomaliza kwirirani mu mchenga wouma kuti azizire mosafulumira, osathira madzi.