Chigayo chachiwiri: ndigule kapena ndidikire?

Funso: Ndili ndi chigayo pa Kamuzu Road ku Salima. Ndinamva pa wailesi akatswiri akunena kuti mphamvu ya chuma cha dziko imaonekera pa ndalama zimene zikulowa m'makina, m'nyumba ndi m'misewu. Mnzanga wa ku Chipoka akutseka chigayo chake ndipo akufuna kundigulitsa pa K6 miliyoni. Kodi n'zimene ankanenazo? Nanga ndigule?

Yankho: Bambo, akatswiriwo ankanena za katundu wokhalitsa, amene amagwira ntchito kupitirira chaka chimodzi n'kumabala chuma china. Kwanu komweko alipo: siteshoni ya magetsi a dzuwa ya ku Nanjoka ya mamegawati 60 yomwe inayamba ntchito mu 2021, ngalande za sikimu ya mpunga ku Lifuwu, msewu wa M5, ngakhale injini ya boti ku Senga Bay. Akatswiriwo amaphatikiza ndalama zonse zolowa m'zinthu zotere pa chaka n'kuziyerekeza ndi chuma chonse chimene dziko lapanga. Mayiko onse pamodzi amaikamo pafupifupi K25 pa K100 iliyonse, China amafika cha m'ma K40, pomwe ife kuno tili pansi ndithu.

Koma chigayo cha mnzanucho sichiwonjezera kanthu pa chiwerengerochi, chifukwa chingosamuka kuchoka ku Chipoka kubwera kwa inu. Kugula malo n'chimodzimodzi. Matumba a chimanga osunga kuti mudzagulitse mu Januwale nawonso sawerengedwa m'gululi. Chigayocho chikanakhala chochokera kunja, ngakhale chogwirapo kale ntchito, chikanalowa.

Chiwerengerochi chimanamizanso pena, chifukwa sichichotsera zimene zawonongeka. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Ndalama zomangiranso malo otere zimaoneka ngati chitukuko, chonsecho tangobwerera pamene tinali. Apa ndiye pamene nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa eni zigayo ambiri amawerengera motero: amaona ndalama yolowa, osaona chitsulo chikutha.

Tiyerekeze kuti chigayocho chatsala ndi zaka zisanu. Ndiye kuti chikudya K1.2 miliyoni pa chaka, K100,000 pa mwezi, musanagule mayunitsi, musanalipire wantchito wa pachigayo kapena lendi. Ndalama imeneyi si phindu, muziipatula. Ndiponso siikwana, poti makina ndi zipangizo zake mitengo yake imatsatira dola, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho gawo lina muzigulira zinthu zimene zimatha msanga, monga masefa, mahamala, malamba ndi maberingi, n'kusunga.

Musanapereke ndalama, funsani chimene akutsekera. Ngati ndi kusowa kwa ogayitsa, vuto ndi malo. Ngati mota inapsapo n'kukulungidwanso, tsitsani mtengo. Gayitsani matumba awiri kapena atatu inu muli pomwepo, kenaka gwirani mota: ikatentha moti dzanja silingakhalepo, pakhoza kukhala vuto. Kunjenjemera kwambiri kumasonyeza mahamala osafanana kulemera kapena shafuti yopindika, ndipo zimenezi zimapha maberingi mwezi ndi mwezi. Fufuzaninso ngati thiransifoma ya kwanuko ingakoke mamota awiri nthawi imodzi, chifukwa magetsi ofooka ndiwo amapsereza mota.

Funso lalikulu ndi la chigayo chimene muli nacho kalecho: chimalira maola angati pa tsiku? Lembani kwa milungu iwiri, osati nthawi yokolola yokha pamene anthu amakhala pamzere ndi madengu, komanso m'miyezi ya njala. Ngati chimakhala chete theka la tsiku, chachiwiricho chidzangogawana nacho makasitomala omwewo. Zikatero ndalamayo ipite ku makina amene mulibe: chokonolera, kuti ofuna ufa woyera asamapite kwina ndipo madeya muzigulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba, kapena chopunthira mpunga, poti mpunga kwanuko ulipo. Ndipo musathire zonse m'chitsulo. Siyani mpamba wokwanira mayunitsi ndi malipiro a miyezi itatu.