Ovaova yanu siinafe, bambo, kungoti tili kunsi kwa mapiri

Bambo ena a ku Dwangwa anandilembera imelo sabata yatha. Akuti madzi atasefukira kwawoko mu February 2024 anakhala masiku foni isakugwira netiweki, osadziwa ngati abale awo kutsidya kwa mtsinje ali moyo. Atamva kuti anthu a wailesi za amateur (omwe amalankhulana pa wailesi zawozawo mongokonda, osati ngati ntchito) amathandizana pangozi kudzera pa ripita, anagula ovaova ya Baofeng UV-5R. Koma chigulireni imangoti sooo. Funso lawo: "Kodi anandigulitsa yakufa?"

Sindikukhulupirira kuti ndi yakufa, bambo.

Ripita ndi wailesi yomwe amaiika pamwamba pa phiri kapena pamlongoti wautali. Imamva mawu pafrikwensi imodzi n'kuwaponya nthawi yomweyo pa ina, mwamphamvu, kuti ovaova ziwiri zomwe sizikanamvana zimvane. Kuno ku Africa a amateur ali ndi malo kuyambira 144 mpaka 146 MHz, ndipo khutu la ripita ndi pakamwa pake zimatalikirana ndi 600 kHz. Apa mpomwe ambiri amaphonya: amatchera kukhutu kwake. Inu tcherani kukamwa, pakati pa 145.600 ndi 145.7875, komanso pa 145.500 pomwe anthu amaitanirana popanda ripita. Squelch, yomwe imatsekereza phokoso la sooo pakakhala palibe wolankhula, muitsitse ifike pa 1, ndipo CTCSS ya mbali yolandirira, yomwe imangolola mawu obwera ndi kamvekedwe kapadera, muizimitse, chifukwa ikakhala yoyatsa wailesi imatseka pakamwa ngakhale anthu akulankhula.

Vuto lalikulu ndi komwe tikukhala. Mafunde a mafrikwensi ndatchulawa, otchedwa VHF, amapita komwe diso likuona, sakonda kukwera phiri. Ife a kunyanja tili pansi, mamita osapitirira kwenikweni 500, pomwe Lilongwe ili pamwamba pa 1,000, ndipo pakati pathu paima zitunda za Dowa ndi Ntchisi. Kaeriyo ka labala kobwera ndi wailesiko n'kongokongoletsa. Ine kuno ku Senga Bay ndinapanga eriyo yangayanga: ndinadula waya wa kopa masentimita 50, n'kuwonjezera mawaya ena anayi olozetsa pansi ngati miyendo ya kangaude, ndinamangirira kunsungwi yaitali n'kuizika pafupi ndi mtengo wa mango. Ana a kwa aneba anafika pofunsa ngati ndikutchera akakowa. Koma kuchokera tsikulo ndinayamba kumva zomwe kale zinkangondidutsa pamutu. Cha kunyanja mafunde amathamanga bwino poti palibe chowatchinga, ndiye muziyesanso 156.800 MHz, tchanelo 16, pomwe sitima zapamadzi zimaitanira pakagwa ngozi.

Ndisakunamizeni: a amateur m'Malawi muno ndi ochepa. Zizindikiro zathu, zilembo ndi manambala zomwe aliyense amadzitchula nazo pa wailesi, zimayamba ndi 7Q, ndipo n'zosowa moti alendo amachita kubwera ndi katundu wawo kudzaulutsa ali kuno, anzawo kunja n'kumalimbirana kuti alankhule nawo. Ndiye mukhoza kutha sabata yathunthu osamva munthu, wailesi ili bwinobwino. Ripitanso imadya magetsi. Mukukumbukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kuti bii? Ripita yopanda batire ndi sola imazima limodzi ndi babu la m'nyumba mwanu.

N'chifukwa chake ine ndimadalira HF, mafunde okagunda kumwamba n'kukatera kutali popanda wowalandirira pakati. Bungwe la a amateur padziko lonse la IARU linapatula 3.760, 7.110 ndi 14.300 MHz kuti pakhale pokumanira pangozi m'chigawo chathu chino. Baofeng yanuyo siifika kumeneko. Pamafunika wailesi ya shotiwevu yokhala ndi SSB, njira yomwe a amateur amaulutsira mawu pa HF, kapena kachipangizo kolandirira mafunde kotchedwa RTL-SDR, kogwira HF, kolumikiza kukompyuta. Wailesi wamba ya agogo ija imawagwira ndithu, koma mawu ake amamveka ngati abakha akukangana padambo. Madzulo pa 7 MHz mudzamva a ZS a ku South Africa, mwina a 9J a ku Zambia kapena a C9 a ku Mozambique. Muzimvera masiku abwinobwino ano, khutu lizolowere Alfa, Bravo, Charlie, momwe amatchulira zilembo A, B, C pa wailesi, osati kuyamba kuphunzira madzi ali m'mawondo.

Batani lalikulu la m'mbali lija musalikanikize. Kuulutsa kumafuna laisensi ya MACRA, ndipo pangozi munthu mmodzi wongoti "halo, halo, mukundimva?" amaphimba uthenga wa wina yemwe ali padenga ndi ana. Pulogalamu ya CHIRP imatha kutseka kuulutsako, wailesi izingomva basi. Yanga ndinaitseka mdzukulu wanga ataitola n'kuyamba kuimbiramo nyimbo ya kusukulu ya mkaka.

Ndipo mukamva kuti mlatho wakutiwakuti pamsewu wa M5 wakokoloka, lembani nthawi, frikwensi ndi chizindikiro cha wolankhulayo, mupite nazo kwa amfumu kapena kukomiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi musanaponye pa WhatsApp. Mundilemberenso mukaimika nsungwi ija, mundiuze kuti yatalika mamita angati.