Funsani Azakhali: Ndikatsika pa Park Station ndikalowere kuti?

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 24, kwathu ndi ku Limbuli kuno ku Mulanje. Mwezi wamawa ndikupita ku Joni kwa achimwene anga amene amakhala ku Soweto. Andiuza kuti basi ikakanditula pa Park Station ndikawadikire pomwepo, ndipo akakalephera kuchoka kuntchito ndikakwere sitima. Ine kutali kumene ndinafikako ndi ku Limbe, ndipo sitima sindinakwerepo. Anzanga akundiwopseza kuti pamenepo munthu amasowa ndi katundu yemwe. Ndikatani?
Mtsikana wa ku Limbuli

YANKHO: Mwana wanga, usiku uno uwayimbire achimwene akowo uwafunse kuti "pomwepo" akunenapo ndi pati. Park Station si siteshoni yathu ya pa Luchenza, pamene kale tinkadikira sitima ya ku Makhanga ndipo ukaima pakhonde aliyense wotsika umamuwona. Ya ku Joniyo imadziwika kuti ndi yaikulu kuposa siteshoni ina iliyonse mu Africa, ndipo yazingidwa ndi misewu inayi: Rissik, Wolmarans, Wanderers ndi uja anthu anazolowera kuutchula kuti Noord. Mbali iliyonse ili ndi potulukira pake. Mabasi akutali amaima momwemo, sitima zili pansi, mashopu ndi malo odyera ali pakati, ma taxi ali kunja. Anthu awiri atha kukhala "pa Park Station" tsiku lathunthu osawonana.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Ulendo wanga woyamba, mu 2009, pamene ndinkayamba geni ya mabulangete, msuweni wanga anandiuza mawu omwewo. Nditatsika basi ndinaona khamu likulowera mbali imodzi, ine n'kulitsatira pambuyo ngati nkhosa, mpaka ndinapezeka kunja, mbali ya Wanderers, pakati pa ma taxi, ogulitsa zipatso ndi anyamata okuwa m'zinenero zimene sindinkamva. Msuweni wanga nthawi yonseyo anali mbali ya Rissik. Maola atatu! Foni yanga ya kuno inali itangosanduka tochi. Mnyamata wina wa ngolo anali atanyamula kale chikwama changa ndisanamuuze, ndipo kuti andibwezere ndinalipira ndalama imene ndinasungira chakudya cha masiku awiri. Sanandibere ayi, ndinamupatsa ndekha, misozi ili chuchuchu.

Ndiye mugwirizane malo amodzi amene sasuntha. Ine amene ndimauza aliyense ndi pa zenera logulitsira matikiti la kampani ya basi imene wakwera, mkati mwa holo yaikulu. Ndi pansi pa denga, pali ogwira ntchito ovala yunifolomu, ndipo dzina la kampaniyo lalembedwa m'zilembo zazikulu moti achimwene ako sangaphonye. Ukafikapo ukhale pansi, chikwama pakati pa miyendo. Akachedwa ola limodzi, iwe usasunthe. Akachedwa maola atatu, usasunthebe. Amene amasokera kwambiri ndi uja amati ndingosuzumirako pakhomo mwina ali panja.

Koma ufunsiretu usananyamuke pa Wenela ku Blantyre ngati basi yakoyo imalowadi mkati mwa siteshoni. Mabasi ena a kwathu amakathera m'mayadi a m'misewu yoyandikana nayo, koma anthu amangoti "pa Park". Kondakitala akuuze dzina la msewu, ulilembe, uwatumizire achimwene.

Dzina la Wenela limenelo limandikumbutsa bambo anga. Iwo anapita ku Joni ndi Wenela yeniyeniyo, bungwe lolemba anthu a m'migodi. Ankawakweza ndege kukatsika ku Francistown, kenako sitima, ali pa mzere, aliyense ndi nambala yake, mpaka boma linaletsa maulendowo mu 1974 ndege ina itagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi ambiri. Bambo ankandiseka kuti iwo sanasokerepo ku Joni. Akanasokera bwanji poti ankawakusa? Iwe palibe wokukusa, ndiye pepala ndi cholembera zikhale m'thumba.

Pa pepalalo pakhale nambala ya achimwene, nambala ya munthu wina wachiwiri amene akuwadziwa, ndi adiresi yonse ya kumene amakhala. Kungoti "Soweto" sikuthandiza. Soweto ndi mzinda pawokha, muli Orlando, Dube, Diepkloof, Naledi, Dobsonville ndi madera ena ambiri. Usadalire kuti ukagula simu ukangotsika. Kumeneko simu imalembetsedwa kaye (amati RICA) monga tinalembetsera zathu kuno, ndipo si ntchito yoyamba nayo uli ndi tulo ta masiku awiri. Ulendowo ndi wautali: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. M'basimo mumakhala amayi oyenda kawirikawiri amene ali ndi manambala a konko. Palana nawo ubwenzi kuyambira pa Mwanza, ugawane nawo nthochi zako. Mukadutsa Polokwane upemphe foni uwauze achimwene, ndipo mukafika pa Pretoria uwayimbirenso, chifukwa apo kwatsala makilomita pafupifupi 60 basi. Nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu, wotchi usayisinthe.

Tsopano za sitima. Pa Park Station pali sitima za mitundu iwiri ndipo sizidyerana. Pali Gautrain, yothamanga, yodula, imene ili ndi khomo lakelake ndipo imayenda pansi pa nthaka pochoka pamenepo. Imeneyo ku Soweto sipita, usayiyang'ane n'komwe. Yako ndi Metrorail, ya anthu wamba: zakale ndi zachikasu ndi zotuwa, zatsopano ndi zabuluu. Umagula tikiti pa zenera lake, umatchula siteshoni yeniyeni imene ukatsikire, kenako umatsika masitepe kupita kumene kuli njanji. Pansipo mapulatifomu ndi ambiri, ali ndi manambala. Funsa nambala pomwe ukugula tikitipo, ukatsika ufunsenso mlonda wa yunifolomu, ndipo usanalowe ufunse mayi wina amene akudikira potchula siteshoni yakoyo, monga "Naledi?" Akagwedeza mutu kuvomera, lowa. Kufunsa katatu sikulipitsa. Tikitiyo usataye ukakwera, amaifunanso potuluka.

Komabe ndikuuze maganizo anga, ngakhale achimwene ako akwiye. Tsiku loyamba, uli ndi zikwama zamizeremizere zija zodzaza ufa, nandolo, usipa ndi tiyi wa kwathu, sitima si yako. Nthawi ya m'mawa ndi madzulo imadzaza moti ngakhale mwini mzinda amagwira foni ndi manja awiri. Komanso kuyambira nthawi ya Covid mu 2020 akuba anazula mawaya a magetsi m'njanji zambiri, sitima zinaima, ndipo akhala akuzibwezeretsa njira imodziimodzi. Achimwene ako atsimikize sabata yomweyo kuti sitima ya kwawoko ikuyenda, ndiponso yomaliza imanyamuka nthawi yanji. Kapena apemphe tchuthi tsiku limenelo. Mlongo wawo akuchokera ku Mulanje, si kuseri kwa nyumba. Akalepheradi atume munthu, ndipo akuuziretu dzina lake ndi zovala zimene wavala. Wina aliyense wobwera n'kumati "ndatumidwa ndi achimwene anu" koma dzina lako osalidziwa, umuyankhe kuti zikomo, ukudikira amuna ako.

Njira zina zopitira ku Soweto zilipo: mabasi a Rea Vaya amene amaima pafupi ndi siteshoniyo koma amalipitsa ndi khadi, ndi ma taxi, amene kuno timati minibasi. Zimenezo ukaphunzira uli ndi achimwene. Ungodziwiratu kuti m'ma taxi a kumeneko simukhala kondakitala. Ndalama mumapatsirana kuchokera kumbuyo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenji. Usathamangire mpando wakutsogolo monga timachitira pa Chitakale.

Za anzako okuwopseza aja, theka n'zoona. Matsotsi alipo, makamaka kunja kwa mageti, ndipo mlendo amamudziwira pa maso oyang'ana m'mwamba ndi kuima pakati pa njira. Ukafuna kuwerenga chikwangwani pita pambali, msana ku khoma. Chikwama chako usapatse munthu amene sunamuitane, ndipo ukafuna wa ngolo mugwirizane mtengo asanachikhudze. Pasipoti ndi ndalama zikuluzikulu zikhale pathupi, mkati mwa zovala. M'manja mukhale timarandi tating'ono ndi makobili, poti ngakhale kuchimbudzi umalipira. Pa makina otapira ndalama usalole munthu kukuthandiza. Basi ikafika usiku, ugone pa benchi mkati momwemo pamodzi ndi apaulendo anzako kufikira kutacha, palibe manyazi, ine ndagonapo kangapo. Nambala ya apolisi kumeneko ndi 10111. Ndipo uyang'ane chidindo chimene akudindire pa Beitbridge: Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo tsiku lotulukira amalilemba pomwepo.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Pretoria ndipo wandiyitana kukaona mdzukulu. Akuti ndikafika ku Johannesburg ndikakwere sitima yothamanga. Ndine wa zaka 63, maondo anandithera m'minda ya tiyi. Ndikakwanitsa?
Bambo wa kwa Goliati, Thyolo

YANKHO: Bambo, mwanayo mwina anapita pa ndege ndiye njira ya pansi sakuidziwa. Basi yochokera ku Beitbridge imayamba yafika ku Pretoria isanakafike ku Johannesburg. Funsani pogula tikiti ngati imatsitsa ku Pretoria. Ikatero tsikani komweko, mwana akakuchingamireni, za Park Station muziiwale.

Ikakhala kuti siyima, musade nkhawa, Gautrain ndi yosavuta kuposa mmene imamvekera. Inayamba kuyenda mu 2010, chaka cha mpira wa dziko lonse, ndipo inafika pa Park Station mu 2012. Khomo lake lili mbali ya Wolmarans Street; tsatirani zikwangwani zolembedwa dzina lakelo, ndipo pemphani mlonda akulozereni musanatuluke m'holo. Maondowo asakuvuteni, kuli zikepe ndi masitepe oyenda okha. Tikiti ya pepala kulibe: mumagula khadi pa zenera, n'kuikamo ndalama, ndipo mumaligunditsa pa geti polowa ndi potuluka. Ubwino wake ndi wakuti Park ndi pothera njanji, choncho sitima iliyonse yochoka apo imalowera mbali imodzi, kudzera Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand ndi Centurion. Pasanathe mphindi 40 muli pa Pretoria. Mufunse mwanayo ngati mukatsikire pa Pretoria penipeni kapena pa Hatfield, imene ndi yotsatira komanso yomaliza.

M'sitima imeneyo saloleza kudya kapena kumwa kanthu, ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda ake sachita nthabwala. Chinangwa chophika chimene mayi a kunyumba akulongedzereni mumalizire m'basi.