Mphaka wa pachilumba ndi chona wa pankhokwe si nkhani imodzi

Achimwene a ku Furancungo, funso lanu ndaliona, lija mwati mwaonera kanema wa azungu akutchera amphaka misampha pachilumba china, ndiye mukudabwa kuti anthu ophunzira za chilengedwe angadane bwanji ndi nyama imene kwathu kuno imatilondera chimanga. Mwafunsanso ngati nafenso tiyambe kuthana ndi achona athu. Ayi, chona wanuyo musiyeni azigwira makoswe. Koma akatswiriwo sanapenge, ndipo anzathu amene ayankha m'munsimu kuti azungu asowa chochita ndasiyana nawo maganizo.

Ndiyambe ndi chilumba cha Marion, poti ndi cha anansi athu a ku South Africa. Chili pakati pa nyanja yamchere yozizira kwambiri, makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku Cape Town. Kulibe midzi, kulibe mitengo, kuli udzu, mphepo ndi mbalame za m'nyanja zankhaninkhani. Anthu okhako ndi ogwira ntchito yoyeza zanyengo ndi ofufuza basi. M'chaka cha 1949 anthuwa atatopa ndi timakoswe ting'onoting'ono timene tinabwera ndi sitima zakale n'kumawadyera chakudya, anatengerako amphaka asanu. Maganizo ake ndi omwewa tili nawo ife tikamakapempha kamwana ka chona kwa aneba. Pofika 1977 amphaka aja anali atakwana pafupifupi 3,400, onse olusa, osadziwa munthu.

Wina angati zatheka bwanji. Mphaka wamkazi amatenga bere asanathe chaka, bere lake ndi la masabata 9 okha, ndipo amaswa ana anayi kapena asanu nthawi imodzi. Pachilumbapo panalibe chilombo choti n'kumudya, chakudya chinali mbwee. Chakudya chake chachikulu sichinali timakoswe timene anamutengerako. Mphaka si wopusa kuti azithamangitsana ndi kakhoswe kosakwana pakamwa pamene pali mbalame yonona imene sithawa.

Katswiri wina wa ku yunivesite ya Pretoria, Rudi van Aarde, ndi amene anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Ntchito yotere si yaukhondo ayi. Munthu amang'amba mimba za amphaka ophedwa kuti aone zimene adya, amatola ndowe zawo n'kumasanthulamo nthenga ndi tizifupa, amawerenga mapiko otsala pamene mphaka wadyera. Kafukufukuyo anasonyeza kuti amphakawo ankapha mbalame pafupifupi 450,000 pachaka, makamaka za mtundu wa petrel, zimene zimakumba una pansi n'kuikiramo dzira limodzi lokha pachaka. Mphaka amangokhala pakhomo pa una usiku, kholo likamabwera kunyanja ndi chakudya cha mwana, walimbwandira. Kholo likafa, mwana muunamo wafanso ndi njala. Mtundu wina unatheratu pachilumbapo. Umboni wake unali pafupi: chilumba cha Prince Edward, makilomita 20 okha kuchokera pamenepo, sichinafikidwe ndi mphaka kapena khoswe, ndipo mbalame zomwezo zinkaswana bwinobwino.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa kumeneko ndi kuno. Nkhwali ya ku Macanga, zinziri, njiwa, ngakhale timba, zonsezi makolo awo akhala ndi vumbwe, likongwe, nkhandwe, njoka ndi mphamba kuyambira kalekale. Mukaiona nkhwali ikudya, imajompha kawiri n'kutukula mutu, kakangoti tswa m'udzu yapita. Imaikira mazira angapo, chisa chikaonongeka imayambanso china. Mbalame ya pachilumba cha pakati pa nyanja yakhala zaka zikwizikwi osaonapo nyama ya miyendo inayi yodya nyama inzake. Mantha ilibe, ina ngakhale kuuluka inasiya. Ku New Zealand, pachilumba cha Stephens, kunali kambalame kakang'ono kosauluka. Mu 1894 kutayamba kukhala anthu oyang'anira nyali yotsogolera sitima, ndi amphaka awo, sipanapite zaka zingapo kambalameko kanatheratu padziko lonse. Pa intaneti mudzaona akuti anakamaliza ndi mphaka mmodzi yekha wa bambo wina wa panyalipo. Kumeneko n'kukometsera nkhani, amphaka anali ataswana kale pachilumbapo.

Mu 2016 katswiri wa ku Australia, Tim Doherty, ndi anzake anasonkhanitsa zolembedwa za padziko lonse n'kupeza kuti amphaka akukhudzidwa ndi kutheratu kwa mitundu 63 ya mbalame, nyama ndi zokwawa, yambiri mwa iyo ya pazilumba. Ngakhale pafupi nafe pompano, pachilumba cha Juan de Nova chimene chili pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ofufuza anapeza amphaka olusa akudya mbalame za m'nyanja zimene zimaikira mazira pamchenga.

Kuchotsa amphaka a ku Marion kunali chintchito. Mu 1977 anawapatsira dala matenda ogwira amphaka okhaokha, chiwerengero chinatsika kufika cha m'ma 600. Otsalawo anapirira matendawo n'kuyambanso kuswana, ndiye kuyambira 1986 kunapita alenje oyenda usiku ndi mfuti ndi matochi, kenako misampha ndi poizoni. Mphaka womaliza anaphedwa mu 1991. Asanu aja anatengera boma zaka 14 kuti liwamalize. Ineyo nkhani ya matenda ndi poizoniyo siindisangalatsa, mphaka sanadzipititse yekha kumeneko. Koma kusiya osachitapo kanthu kukanakhalanso kusankha kuti mbalamezo zithe.

Tsono gawo limene makanema aafupiwa sakuuzani ndi ili. Amphaka atachoka, timakoswe tija tinatsala tokha, nyengonso inayamba kufunda pachilumbapo, tinaswana koopsa. Titamaliza tizilombo ta m'nthaka tinayamba mbalame. Kuyambira 2003 ofufuza akhala akupeza ana a albatross, chimbalame chimene mapiko ake chikatambasula amapitirira mamita atatu, ali ndi mabala. Timakosweto timakwera pamutu pa mwana wa mbalameyo usiku n'kumamudya wamoyo, iye ali chikhalire pachisa, osadziwa n'komwe kuti angathe kukajompha. Lero boma la South Africa ndi bungwe la BirdLife South Africa ali pa ntchito yosonkhanitsa ndalama kuti amwaze mankhwala ophera makoswe ndi ndege pachilumba chonsecho. Ku Macquarie, chilumba cha Australia, zinachitikanso mofanana: amphaka anatha mu 2000, akalulu amene anthu anabwera nawo anachulukana n'kudya zomera mpaka mapiri kuyamba kugumuka, ndipo panafunikanso ndalama zambiri kuti achotse akalulu ndi makoswe, ntchito imene inalengezedwa kuti yatheka mu 2014. N'chifukwa chake akatswiri a masiku ano asanatchere msampha amayamba afunsa kuti mphakayu akudya chiyani, ndipo akachoka chidzachuluke n'chiyani. Kumene anachita mwadongosolo zinthu zinayenda. Pachilumba cha Ascension, cha pakati pa nyanja ya Atlantic, amphaka olusa anatha cha m'ma 2004, mbalame zimene zinathawira pathanthwe lina la m'nyanja zinayamba kubwerera kudzaikira mazira.

Mfundo imeneyi ikutikhudza ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kuposa ina iliyonse. Mutati lero muphe achona onse m'mudzi, amene angasangalale ndi khoswe, ndipo khoswe naye amadya mazira a mbalame, osanena za chimanga ndi nyemba. Komabe tisamutamande chona mopitirira. Ku Eswatini kunachitika kafukufuku m'makomo a kumudzi, wotsogoleredwa ndi Themb'alilahlwa Mahlaba, amene anatuluka mu 2017. Anapeza kuti makoswe amachita mantha kwenikweni pakhomo pamene pali mphaka ndi galu pamodzi, osati chimodzi chokha. Ndiye nkhokwe yokwezeka bwino, malata otchinga pamiyendo yake ndi kusesa zinyalala pabwalo zikufunikabe, chona ali pomwepo.

Pamene ife timalakwa ndi potaya ana a mphaka. Tonse taonapo: chona waswa kuseri kwa thumba la makala, ana asanu, ofuna kuwatenga palibe, ena akuti mphaka ndi wa afiti, ndiye mnyamata amawaika m'saka n'kukawasiya kudambo kapena m'mphepete mwa nkhalango. Ambiri amafa. Amene wapulumuka sakhalanso wa pakhomo. Ameneyo ndi amene mumapeza nthenga za njiwa zili mbwerekete pansi pa mtengo wa mango, timiyendo tofiira tokha tatsala, ndipo ndi yemweyo amabwera usiku kudzatola anapiye. Amakwerananso ndi vumbwe, pakuti mphaka woweta anachokera kwa vumbwe yemweyu zaka zikwi zambiri zapitazo ndipo mpaka lero amaberekana. Mapeto ake vumbwe weniweni amanka nasowa, m'tchire mumatsala osakanikirana.

Zilumba nafenso tili nazo, pa Cahora Bassa. Zimenezi n'zosiyana ndi Marion chifukwa ndi nsonga za mapiri zimene zinatsala pamwamba madzi atadzaza damu litatsekedwa mu 1974, ndiye nyama zake zimadziwa adani. Koma mbalame zoikira mazira pansi zimasankha zilumba ndi michenga ya pakati pa Zambezi dala, chifukwa nkhandwe ndi likongwe sizifikako. Amene munakhalako ku Songo kapena ku Mágoè mukuidziwa mbalame ija ya mlomo wofiira, wam'munsi wautali kuposa wam'mwamba, imene imauluka ikudula madzi ndi mlomo. Imangopalasa kadzenje pamchenga nthawi yachilimwe n'kuikira pomwepo, popanda chobisa. Msodzi akatengera mphaka kumsasa wa pachilumba kuti aziteteza nsomba zouma, ndi pomveka. Vuto ndi pochoka. Msasa ukasamuka mphaka n'kutsala, makamaka wamkazi wa bere, sadzaoloka kubwerera kumtunda, ndipo nsomba za pathandala zikatha chotsatira ndi mazira ndi anapiye a pamchenga aja.

Ndiye achimwene, ngati muli ndi abale asodzi kumeneko, auzeni kuti wokwera bwato ndi mphaka abwere nayenso. Kwa ife a kumtunda, chona azipatsidwa kansima ndi ndiwo madzulo kuti asamalowerere kutchire, kusaka makoswe sasiya chifukwa chokhuta. Wamphongo angathe kufulidwa, funsani alangizi a ziweto a m'boma lanu, ndipo pomwepo mufunsenso za katemera wa chiwewe, chifukwa mphaka nayenso amadwala matendawa ngati galu. Ana akachuluka, lengezani m'gulu muno asanasiye kuyamwa. Nthawi yokolola ikayandikira ofuna chona amakhala ambiri kuposa achonawo.