Hedi ya injini ikuchedwa: kodi wamasipeya wakudyerani ndalama?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Namwera. Minibasi yawo ya Toyota Hiace, yomwe imayenda pakati pa Mangochi Boma ndi Chiponde, inabwatitsa madzi pokwera phiri, hedi (chivindikiro chachitsulo cha pamwamba pa injini) n'kung'aluka. Anapereka theka la ndalama kwa wogulitsa masipeya wina ku Limbe, koma uno ndi mwezi wachitatu akungouzidwa kuti katundu ali m'njira. Akufunsa kuti: "Munthuyu wandidyera ndalama, kapena mahediwa akusowadi?"

Pepani achimwene. Galimoto ikakhala pamiyala, mphika nawonso umachoka pamafuwa, osati kwanu kokha, komanso kwa dalaivala ndi kondakitala. Koma kusowako kulipodi, ndipo gwero lake lili kutali, kung'anjo kumene hediyo imapangidwira.

Hedi sasula ndi nyundo. Amaumba chikombole cha mchenga, m'kati mwake n'kuikamo timichenga tina touma tosiya njira za madzi ndi mafuta, kenako n'kuthira chitsulo chosungunuka. Chitsulo cha mtundu umenewu chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200, pomwe aluminiyamu amasungunuka pa 660. Mchenga ukanyowa mopitirira, kapena wothira akafulumira, m'kati mumatsala timabowo tosaoneka ndi maso, hediyo n'kutayidwa. N'chifukwa chake ntchitoyi imadalira amisiri okhwima, ndipo mmisiri wotere saphunzitsika mwezi umodzi. Achinyamata ambiri amaithawa chifukwa cha kutentha ndi fumbi. Ife a ku Mangochi timadandaula dzuwa la Okutobala, nanga munthu woima pafupi ndi ng'anjo tsiku lonse?

Masipeya ambiri omwe si a kampani yopanga galimotoyo amachokera ku China ndi ku India, m'mizinda ngati Rajkot, Kolhapur ndi Coimbatore. India itatseka dziko mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, antchito ochuluka anabwerera kumidzi kwawo, ng'anjo zambiri n'kuzima. Ku South Africa nako, kuzimazima kwa magetsi mu 2022 ndi 2023 kunasokoneza mafakitale, poti ng'anjo yamagetsi ikazima ili ndi chitsulo m'kati, ntchito yonse yaonongeka. Manja akachepa, mwini fakitale amayamba ndi oda yaikulu ya makampani opanga magalimoto atsopano. Mahedi a injini zakale ngati zathuzi amakhala kumapeto kwa mzere, kudikira kuti oda ichuluke. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa magalimoto akalewa ndi amene anyamula Malawi.

Hedi ikatuluka m'fakitale, pali sitima mpaka Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, kenako msewu ndi kasitomu. Pamwamba pake pali kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wogulitsa akhoza kukhala ndi makwacha anu m'manja koma madola osawapeza kubanki.

Komabe miyezi itatu ya mawu apakamwa okhaokha yakwana. Pitani mukamuuze mwaulemu kuti akuonetseni pepala la oda ndi nambala ya kontena. Ngati anaitanitsadi, sangavutike nazo. Akayamba kuzungulira, tengani ndalama zanu.

Ndikadakhala ine, ndikadafufuza hedi ya injini yakale yochokera ku Japan, koma osalipira asanaiyeze ndi mphamvu ya madzi pamalo okonzera injini ku Blantyre, n'kuisalaza pansi pake. Zowotcherera hedi yachitsulo yong'aluka pakati pa mavavu (tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi mu injini) sindikulimbikitsani, kawirikawiri mng'aluwo umabwerera. Ndipo musanaimange, makaniko atsuke redieta, aone pampu ya madzi ndi thermostat (kachipangizo kotsegula njira ya madzi injini ikatentha), muthiremo coolant (madzi apadera oziziritsa injini) m'malo mwa madzi a pamjigo, chifukwa phiri lomwe linang'alula yoyamba ija mudzalikweranso m'mawa mwake mutadzaza anthu.