"Mayi Kim" si dzina, abale anga

Lachiwiri usiku mwana wa achemwali anga anandiimbira pa WhatsApp, mawu akunjenjemera. Mnzake wa ku Area 25 anagulitsa poloti, ndalama n'kutumiza kwa mzimayi wina amene ankati amupezera ntchito pafakitale kuno ku Korea, ndiye pano foni ya mzimayiyo sikupezekanso. "Anti, tawafufuzeniko. Dzina lawo ndi mayi Kim." Ndinangoti kakasi. Kenako ndinamufunsa kuti iwe mwana, utaima pa depoti ya Lilongwe n'kukuwa kuti "a Phiri!", angatembenuke anthu angati?

Kalembera wa kuno wa 2015 anapeza kuti mwa anthu asanu alionse, mmodzi ndi Kim. Ndi anthu oposa 10 miliyoni amenewo. Ukaphatikiza a Lee ndi a Park watsala pang'ono kufika theka la dziko. Ndiye inu mukunyamuka pa KIA kudzera ku Addis mutalemba papepala kuti amene akakuchingamireni pa bwalo la ndege la Incheon ndi mayi Kim, mulibe kanthu m'manja.

Choyamba, ngakhale si nkhani ya mayina, ndinene chifukwa mtima ukundiwawa. Ntchito za m'mafakitale ndi m'minda kuno amalemba kudzera mu ndondomeko yotchedwa EPS, chiphaso chake ndi E-9, ndipo ndi mgwirizano wa boma ndi boma. Muli mayiko ngati Nepal, Vietnam, Philippines ndi Cambodia. Malawi mulibe. Mukukumbuka phokoso lija la 2013, anyamata akukonzekera kubwera kuno, boma la Korea n'kunena kuti mgwirizano wotere kulibe? Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama ndikulowetseni pafakitale, kaya adzitcha Kim kaya Park, thawani.

Chachiwiri, dzina la Mkoreya limayamba ndi la mtundu, lake lenileni lili kumapeto ndipo kawirikawiri limakhala la maphatikizo awiri. Pa dzina la Park Geun-hye, mzimayi woyamba kukhala pulezidenti kuno, Park ndi ngati Banda, Geun-hye ndiye dzina lake. Koma ngakhale mutapatsidwa lonse musafulumire kupuma. Pa gofu ya azimayi kuno, osewera otchedwa Lee Jeong-eun anachuluka mpaka anayamba kuwapatsa manambala. Amene anapambana US Women's Open mu 2019 amalembedwa Jeongeun Lee6, nambalayo ili pa dzina penipeni, chifukwa asanu anali atamutsogolera kale. Palinso katswiri wa mafilimu wobadwa mu 1970 wa dzina lomweli, koma iye m'zilembo zathuzi amalembedwa Lee Jung-eun. Pa Olympics ya ku Pyeongchang mu 2018, atsikana a masewero otsetsereza mwala pa ayezi amene anatenga mendulo ya siliva onse asanu anali a Kim, mphunzitsi wawonso Kim, koma apachibale anali awiri okha, Yeong-mi ndi Kyeong-ae. Anachita kudzipatsa mayina ocheza, wina Pancake wina Steak, kuti alendo asasokonezeke. Ngati anthu otchuka chonchi amafunika manambala, kuli bwanji munthu amene mwangomuona pa chithunzi cha pa Facebook?

Ndipo zilembo zathuzi zimanamiza. Lee, Yi ndi Rhee ndi dzina limodzi. Jung, Jeong ndi Chung chimodzimodzi. Choi satchula mmene mukuwerengeramo, amati Chwe. Kwinaku mayina osiyana amaoneka ngati amodzi: Kim Yuna wovina pa ayezi uja, wa golide ku Vancouver mu 2010, m'Chikoreya ndi Yeon-a, pamene woimba wina wotchuka ndi Yun-a, anthu awiri, zilembo zosiyana. Muzipempha dzina m'zilembo zawo za hangul. Kuziphunzira ndi sabata imodzi yokha, musachite ulesi.

Tsopano ndikuuzeni zanga. Chaka changa chachiwiri, nditatuluka mu hostelo ya pasukulu, ndinapeza kachipinda kudzera kwa munthu wa pa intaneti m'malo mopita ku ofesi ya ma ejenti a nyumba. Kuno lendi imayamba ndi ndalama ya chikole, amati bojeunggeum, ndipo si ndalama yamasewera. Ndinali nditasunga ma won (ndalama za kuno) 3 miliyoni, ndikudya mpunga ndi mazira miyezi ingapo. Mzimayi anandionetsa chipinda, makiyi ali m'manja, akumwetulira, mpaka anandigulira khofi. Papepala la nyumba mwini wake anali bambo Kim wakuti wakuti. Potumiza ndalama, foni inandionetsa dzina la mwini akaunti, Kim, koma maphatikizo awiri otsatirawo anali ena. Mzimayiyo anati ndi akazi awo a eni nyumba. Ine ndi nzeru za kwathu ndinati inde, bambo Kim, mayi Kim, zikugwirizana. Ndinadina.

Kuno mkazi sasintha dzina akakwatiwa. Mkazi wa bambo Kim amakhalabe Park kapena Choi mpaka kumanda, ana ndi amene kawirikawiri amatenga la bambo. Chimene ine ndinachiyesa umboni sichinali umboni wa chilichonse. Mzimayi uja anali wa lendi amene ankasamuka sabata yomweyo. Ndinafika ndi zikwama zanga n'kupeza nambala yachinsinsi yotsegulira chitseko yasinthidwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo zokha. Ndi Mmalawi mnzanga amene anakhalitsa kuno, anaona mapepala anga tsiku lomwelo osanena kanthu, koma zitachitika ndiye anali woyamba kufalitsa pa gulu lathu kuti ena amabwera kuno ndi maso otseka. Ndimamupatsabe moni, koma mumtima ndikudziwa.

Ndiye pa nyumba: pali chikalata cha boma chosonyeza mwini wake, deunggibu deungbon, aliyense akhoza kuchitenga pa intaneti ndi ndalama yosakwana mtengo wa khofi. Dzina la pamenepo, la pa mgwirizano ndi la pa akaunti zifanane phatikizo lililonse. Likasiyana limodzi, bwezani foni m'thumba.

Chachinayi, kapena chachisanu, ndasiya kuwerenga. Dzina lanu lomwe lidzakuvutitsani. Mukalembetsa ku imigireshoni, zimene muyenera kuchita masiku 90 asanathe, khadi lanu la chiphaso cha mlendo limatuluka ndi dzina la bambo patsogolo, zilembo zikuluzikulu. Ku banki ndi kokagula layini ya foni aonetseni khadilo, alembe ndendende, ndi mipata yomwe. Ine kalaliki anasiya dzina langa lapakati, ndinatha miyezi iwiri ndisakutha kugula kanthu pa intaneti chifukwa makina ankati si ine. Zikakusokonezani imbani 1345, amayankha m'Chingerezi. Ndipo akaunti yanu musabwereke munthu, ngakhale wa kutchalitchi. Ndi mlandu, ndipo dzina limene apolisi adzalipeze ndi lanu.

Za ulemu sindichulutsa, ife tinaleredwa bwino. Wamkulu samutchula dzina, monga kwathu. Abwana ndi sajangnim, aphunzitsi a kuyunivesite ndi gyosunim, mayi wokupatsirani chakudya m'lesitilanti mukhoza kumuti imo, ngati kunena kuti mayi aang'ono. Mzimayi wa mwana amamuitana ndi dzina la mwanayo, ndendende ngati amake Chikondi. Amafunsananso kuti ndinu Kim wa kuti, wa ku Gimhae kapena wa ku Gyeongju, monga agogo amafunsira mfunda. Kungoti vuto lake ndi lomwelo: mukhoza kugwira ntchito kwa munthu chaka chathunthu mukumuti sajangnim, tsiku lokadandaula za malipiro n'kupezeka kuti dzina lake simukulidziwa. Jambulani pepala la bizinesi limene limapachikidwa pakhoma, pali dzina lonse ndi nambala ya manambala khumi. O, ndipo dzina la munthu musalilembe ndi inki yofiira, ambiri amati ndi za maliro.

Mwana wa achemwali uja ndamuuza kuti mnzakeyo asonkhanitse malisiti onse ndi nambala imene inalandira ndalama apite nazo kupolisi konko. Nditafunsitsa, ndalamazo sizinabwere n'komwe ku Korea. Anazitumiza pa nambala ya foni ya ku Malawi komweko.