Buku lomwe makolo onse analitama, mwana wanga walikana

Mayi ena anditumizira kalata pa imelo ndipo andilola kuwayankha pano osatchula dzina lawo. Akuti iwo ndi makolo anzawo angapo anagwirizana zoti azidziwitsana mabuku omwe akuwerenga komanso omwe angayenere ana awo. Koma buku lomwe onse analitama, mwana wawo wa zaka 7 analikankhira kumbali asanamalize n'komwe masamba atatu. Eniakewo amangokhala chete m'gulumo chifukwa zomwe amakonda ndi nkhani zachikondi, timasamba tochepa usiku ana akagona, pomwe anzawo amatchula mabuku akuluakulu a za utsogoleri ndi kaleredwe ka ana. Akufunsa kuti vuto lili pati: pa mwanayo, pa iwo, kapena pa gululo?

Mayi, zikomo polemba. Mwana wanu alibe vuto, inunso mulibe. Chomwe chikupelewera ndi kauzidwe ka mabukuwo.

Munthu akangotchula dzina la buku n'kunena kuti "ndi labwino zedi", sanakupatseni kanthu koti mugwire. Labwino kwa yani? Ana awiri a zaka 7 amatha kusiyana kutalitali: wina akuwerenga yekha osadodoma, wina akadali kulumikiza zilembo ndi chala. Buku lili ngati nsapato, yomwe yakwana mwana wa mnzanu imatha kumuthina wanu. Choncho wina akakutamirani buku, mufunseni bwinobwino. Mwana anawerenga yekha kapena munamuwerengera? Anaseka pati? Panali pomwe anachita mantha? Anapempha kuti mubwerezenso mawa lake? Funso lomalizali ndilo ndimalikhulupirira koposa onsewo, chifukwa mwana sapempha kawiri nkhani yomwe sinamufike pamtima.

Musanabwereke buku, pali kanjira kosavuta komwe aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito. Tsegulani tsamba la pakati, mwana awerenge mokweza, ndipo pa liwu lililonse lomwe lamukanika aimitse chala chimodzi. Zala zikakwana zisanu tsamba lisanathe, bukulo lamukulira kuti aliwerenge yekha. Izi sizitanthauza kuti mulibweze. Muwerengereni inuyo, pakuti ana amamva nkhani zozama kuposa zomwe angathe kuwerenga okha. Mwina n'zomwe zachitika kwanuko: ana a anzanuwo analimva pakamwa pa makolo awo, wanu anangopatsidwa m'manja.

Kawerengedwe kameneka si nkhani yaing'ono. Mu 1988, wofufuza wina, Grover Whitehurst, ndi anzake ku America anaphunzitsa makolo a ana a zaka pafupifupi ziwiri kuti powerenga mabuku a zithunzi azifunsa mafunso ofuna mayankho otambasuka, monga "akutani uyu?", kenako n'kuwonjezera pa zomwe mwana wayankha. Patangotha mwezi umodzi, ana awo anaposa pa kalankhulidwe ana omwe makolo awo ankangowerenga mwachizolowezi. N'chifukwa chake ndimati pouzana mabuku, muziuzananso momwe munawerengera. Buku limodzi lomwelo limasanduka zinthu ziwiri zosiyana m'nyumba ziwiri.

Ndipo chonde, kauzeni anzanuwo kuti mwana wanu analikana. Makolofe timafulumira kulengeza zomwe zayenda bwino, zolephereka timazibisa ngati kuti zikutiyalutsa. Komatu uthenga woti "wanga anatopa nalo chifukwa zithunzi ndi zochepa ndipo ziganizo ndi zitalizitali" upulumutsa kholo lina lomwe mwana wake ndi wofanana ndi wanu. Mukayamba inu, mudzaona kuti enanso anali ndi zawo zomwe amasunga mumtima.

Tsopano za mabuku anu achikondiwo, ndipo apa ndilankhula ndi mtima wonse chifukwa zimandipweteka ndikamva kholo likuchita manyazi ndi chinthu chomwe chimalisangalatsa. Atchuleni. Gulu lomwe aliyense amangotchula mabuku omupatsa ulemu silichedwa kuzilala, chifukwa anthu amayamba kunena zomwe akufuna kuti adziwike nazo m'malo mwa zomwe akuwerengadi. Masamba anu ochepa a usiku uliwonsewo ndi kuwerenga kwenikweni. Bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD, pounika mayankho a makolo m'kafukufuku wa PISA wa 2009 (woyesa luso la ana asukulu m'mayiko ambiri), linapeza kuti ana a zaka 15 omwe makolo awo ankawerenga nawo mabuku m'chaka choyamba cha pulayimale ankakhoza bwino pa kuwerenga. Linapezanso kuti ana a makolo okonda kuwerenga nawonso amakonda kuwerenga. Kungoti inu mumawerenga ana atagona, ndiye sakuonani. Tsiku lina tengani buku lanulo masana, mukhale pomwe mwana angakuoneni, ndipo akafunsa kuti mukumwetulira chiyani, muuzeni mbali yomwe ili yoyenera msinkhu wake.

Mwandipemphanso mayina a mabuku. Sindikupatsani mndandanda, chifukwa ndingachite zomwezo zomwe ndikuziletsa. Ndikulozerani kokasankha ndi mwanayo. African Storybook, yomwe bungwe la Saide la ku South Africa linakhazikitsa mu 2014, ili pa intaneti ndipo ili ndi timabuku ta zithunzi taulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa. StoryWeaver ya bungwe losindikiza mabuku a ana la Pratham Books la ku India inayamba mu 2015 ndipo nayonso ili pa intaneti mwaulere. Konseko nkhani anazigawa m'magawo potengera kuvuta kwake, kotero m'gulu mwanu mutha kumanena kuti "iyi ndi ya gawo lachiwiri" aliyense n'kudziwa chomwe akutenga. Yambani ndi nkhani za m'chilankhulo chomwe mwana amalankhula kunyumba, ndipo musiyeni asankhe yekha ngakhale atasankha yomwe inu simukanaiyang'ana n'komwe.

Za kayendetsedwe ka gululo sindichulutsa. Buku limodzi pa kholo lililonse pa mwezi ndi lokwanira. Mayina akachuluka palibe amene amawatsata. Ngati mukufuna tsiku losinthanirana mabuku, 23 Epulo ndi tsiku la mabuku pa dziko lonse lomwe UNESCO inakhazikitsa mu 1995. Sankhani munthu mmodzi azilemba amene wabwereka ndi tsiku lobweza, ndipo mugwirizane pasadakhale chochita buku likang'ambika kapena likasowa, chifukwa m'nyumba za ana aang'ono zimenezi zidzachitika ndithu.